Umanena Iyo Yakuluma: Mawu kwa Adzukulu Okonda Magemu

Adzukulu anga a ku Chiradzulu, anyamata ndi atsikana omwe, inu a ku Namadzi, ku Mbulumbuzi ndi ku Njuli, inu a pa boma, a ku Nguludi, ku Thumbwe ndi ku Namitambo, takhalani pansi pang'ono tikambirane. Sindinabwere kudzakulandani mafoni, kapena kudzakuuzani kuti magemu ndi chiwanda monga amanenera anzanga ena a imvi. Palibe amene anakula osasewera. Ife tinali ndi nguli, phada, chipako, mpira wachikulunga ndi bawo. Inu muli ndi FIFA, eFootball, Dream League Soccer, Free Fire ndi Candy Crush. Chimene chandiyankhulitsa ine ndi nkhope zanu mukagonja.

M'tinyumba tosewereramo magemu ta m'misika yathuyi mumachitika zofanana tsiku ndi tsiku. Mnyamata amumwetsa chigoli m'mphindi yomaliza, iye padi pansi phwa, mwini malo wamugwira malaya kuti alipire. Wina wakakamira pa levulo imodzi sabata yathunthu, foni ya mayi ake yatentha mpaka kutha moto, iye akungoti "kamodzi kokha, kamodzi kokha". Madandaulo ake ndi omwe aja: "Gemu iyi ikundibera." "Kompyuta yakonzeratu kuti ndiluze." "Ndi netiweki." "Padi iyi ndi yakufa." Nthawi zina mumanena zoona, nthawi zambiri ayi. Tsoka lake n'lakuti munthu wopsa mtima satha kusiyanitsa.

Dziwani kuti gemu simavuta mwangozi. Pali munthu anakhala pansi n'kukonza kuti pakuti pavute. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 magemu ambiri ankaseweredwa pa makina akuluakulu oimika m'masitolo ndi m'malo achisangalalo ku Japan ndi ku America, ndipo wosewera ankayamba waponyamo khobidi. Mwini makina sakanapindula khobidi limodzi likanamamusunga munthu tsiku lonse. Choncho gemu inkakonzedwa kuti ikuphe pakangopita mphindi zochepa, koma ikusiye ndi mtima woti "ndinangotsala pang'ono". Mu 1978 Tomohiro Nishikado wa ku Japan anapanga Space Invaders, gemu yowombera adani otsika kuchokera kumwamba. Makina a nthawi imeneyo anali ofooka, moti adani akachepa pa sikirini, otsalawo ankayamba liwiro chifukwa makinawo apepukidwa ntchito. Nishikado ataona kuti zimenezi zikukometsa gemu, anazisiya momwemo. Mpaka lero magemu ambiri amayenda chomwecho: pamene ukuyandikira kupambana m'pamene zinthu zimathina.

Koma kuvuta kulipo kwamitundumitundu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani yanga yonse. Kulipo kuvuta kophunzitsa. Kulipo kuvuta kobwera ndi zipangizo. Kulipo kuvuta kotchera msampha thumba lanu. Konseku kumawawa mofanana, koma mankhwala ake ndi osiyana. Akuluakulu anati chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Mukagonja musamati "zonse zandivuta". Tchulani chimene chakuphani. Yankho lake ndi limene likuuzeni ngati muyenera kubwerera, kupuma, kapena kuchokapo osacheuka.

Kuvuta kophunzitsa ife timakudziwira pa bawo. Maenje 32, nkhomo 64, zonse zili poyera. Palibe chobisika, palibe zamwayi. Wophunzira amadyedwa mpaka mzere wake wakutsogolo kuyera mbee, ndipo sizichitika kamodzi. Koma tapitani pamsika mukaone chimene katswiri amachita akadyedwa. Sagubuduza bawo. Amakhala duu, chala chili m'malere, akubwerera m'mbuyo ndi maso: "Ndinatakata kuchokera apa, nkhomo yomaliza inagona apo, ndiye kuti dzenje ili ndinamutsegulira ndekha." Akangoliona dzenjelo, kugonja kuja kwamulipira. Amakonzanso nkhomo, n'kunena kuti "tiyeni tibwereze", ndipo pobwerezapo salakwitsanso pomwe paja. Wina amene amangoti mnzake ali ndi chizimba adzadyedwa pa dzenje lomwelo mpaka imvi.

Magemu abwino anamangidwa pa nzeru yomweyi. Mu Super Mario Bros. ya mu 1985, Shigeru Miyamoto ndi anzake a ku Nintendo sanalembe malangizo pa levulo yoyamba. Anangoika kachilombo koyenda kulunjika kwa iwe. Ukakagunda wafa, ndipo imfa imeneyo ndi imene imakuuza kuti uzidumpha. Kampani ya FromSoftware inatchuka ndi Dark Souls ya mu 2011, gemu imene munthu amafa kosawerengeka, ndipo mtsogoleri wake Hidetaka Miyazaki wakhala akufotokoza kuti cholinga chake si kuzunza anthu, koma kuti wodutsa pamalo ovuta amve kukoma kwa chinthu chimene wachikhetsera thukuta. M'gemu imeneyo mdani asanamenye amaonetsa chizindikiro, kaya kukweza phewa, kaya kubweza lupanga kumbuyo. Wamantha ndi wokwiya sachiona chizindikirocho. Wodekha amachiona pa imfa yachitatu kapena yachikhumi, ndipo kuyambira pamenepo mdaniyo wasanduka mwana. Elden Ring, imene kampani yomweyi inatulutsa mu 2022, inagulidwa makope 20 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Anthu onsewo analipira ndalama kuti akagonjetsedwe, chifukwa kupambana kopatsidwa pambale sikukoma.

Tsono mukakumana ndi kuvuta kwa mtundu umenewu, chitani izi. Gemu ya mpira ikamaonetsanso chigoli chimene mwamwetsedwa, musafulumire kudumphitsa chifukwa cha manyazi. Onerani. Mpira munautaya pati? Kawirikawiri mupeza kuti chala chanu sichichoka pa batani lothamangitsa, kapena mumathamangira mpira ndi wotchinga kumbuyo n'kusiya chipata. Chigoli sichiyambira pa goloboyi, chimayambira pakati pa bwalo. Mu Free Fire, momwe anthu 50 amatsikira pa chilumba chimodzi, dzifunseni ngati simukutsikira dala pamalo odzaza adani mulibe ngakhale mfuti, kapena ngati simukuthamanga pambalambanda pomwe pali makoma obisalapo. Pezani cholakwa chimodzi chokha, ndipo gemu yotsatira muisewere kuti mukonze chimenecho, osati kuti mupambane. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Musachite manyazi kutsitsa levulo. FIFA, imene kuyambira mu 2023 ikutchedwa EA Sports FC, ili ndi masitepe ake: Beginner, Amateur, Semi-Pro, Professional, World Class, Legendary. Masitepewo anawaika kuti munthu azikwera. Amene amayambira pa Legendary kuti anzake amutame saphunzira kanthu, chifukwa amagonja mwachangu kwambiri moti saona n'komwe chimene chamugonjetsa. Malo ophunzirirapo ndi pamene ukupambana kwina n'kugonja kwina. Ngakhale opanga Celeste, gemu ya mu 2018 yodziwika ndi kuvuta kwake, anaikamo njira yoti wosewera achepetse liwiro la gemu ngati zamukulira. Ngati mwini gemu sakukunyozani, anzanu akunyozeni chifukwa chiyani?

Funsaninso kwa odziwa. Safunsa anadya phula. Tetris ya pa makina a Nintendo inatuluka mu 1989, ndipo kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti levulo 29 ndiye mapeto, chifukwa njerwa zimagwa mwaliwiro loposa chala cha munthu. Kenaka osewera anatulukira kagwiridwe kena ka padi, kogogoda kunsi kwake ndi zala zingapo motsatizana, n'kuphunzitsana. Mu Disembala 2023 mnyamata wa zaka 13, Willis Gibson wa ku Oklahoma ku America, anafika pa levulo 157 mpaka gemuyo inauma yokha, chinthu chimene munthu anali asanachitepo m'zaka 34. Mnyamatayo sanabadwe ndi zala zamatsenga. Anaonera ena, anatenga njira yawo, n'kuipititsa patsogolo. Amene amakukwapulani tsiku lililonse pa Mbulumbuzi ndiye mphunzitsi wanu. Imani kumbuyo kwake muone zala zake, ndipo mukamaliza gemu mufunseni kuti, "Achimwene, mumandidutsira pati?" Anthu ambiri amakonda kufunsidwa zotere, ndipo adzakuuzani.

Chovuta kwambiri pa zonsezi ndi kudziwa nthawi yoima. Mkwiyo suyambira m'kamwa. Umayambira m'thupi: nsagwada zauma, mapewa akwera, manja achita thukuta, mpweya ukutuluka mwachidule. Pamenepo maso aleka kuona bwalo lonse, akungoona mpira. Mukuyamba kukankha mabatani mwamphamvu ngati kuti mphamvuyo ifika kwa osewera. Gemu iliyonse imene mungasewere muli chomwecho mukuphunzitsa zala zanu zolakwika. Dziikireni lamulo mutu ukadali wozizira: ndikagonja katatu motsatizana, ndiika padi pansi. Tulukani panja, imwani madzi, katungireni mayi madzi kumjigo. Ngati ndi usiku, kagoneni. Mu 2002 Matthew Walker ndi anzake ku Harvard anaphunzitsa anthu kugogoda mabatani motsatira ndondomeko ina yake, ndipo anapeza kuti amene anagona usiku asanayesedwenso anawonjezera liwiro ndi pafupifupi 20 pa 100 iliyonse, osayesereranso. Ubongo umapitiriza kusula luso munthu ali m'tulo. N'chifukwa chake pamalo pamene panakuliritsani usiku mumadutsapo mosavuta m'mawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuvuta kwachiwiri ndi kwa zipangizo, ndipo apa ndikuikirani kumbuyo. Mukamasewera pa intaneti, chimene mwadina chimayenda ulendo wautali kukafika ku makina a kampani, amene sali kuno kwathu, n'kubwereranso. Mnzanu amene ali pafupi ndi makinawo, ali ndi foni yamphamvu ndi netiweki yosadukaduka, amakuonani inu musanamuone. Mwawombera, koma kumeneko mwafa kale. Foni yokhala ndi malo ochepa ikatentha imayamba kuchita chibwibwi. Magetsi amathima gemu ili pakati. Padi ya pamalo osewerera yadutsa m'manja mwa anthu mazanamazana. Zimenezi si mlandu wanu, choncho musadzitukwane. Koma si mlandunso wa foni, choncho musaimenyetse pansi. Foni imeneyo mwina mayi anu anaigula ndi ndalama ya tomato kapena ya nandolo, ndipo ndi yomweyo imene achibale a ku Joni amatumizirapo thandizo. Chosatheka kukonza ndi zala musachikonze ndi mkwiyo. Sewerani magemu osafuna intaneti, kapena dikirani nthawi imene netiweki yapepuka, kapena vomerani kuti lero bwalo ndi lotsetsereka ndipo museke.

Za kuti kompyuta imakonzeratu wopambana, kampani ya EA yakana kangapo konse kuti imachita zimenezo m'magemu ake a mpira. Magemu osintha kuvuta mobisa alipodi, koma kawirikawiri dzanja lobisikalo limathandiza wofooka. Mu Mario Kart wotsalira kumbuyo ndi amene amalandira zida zamphamvu. Resident Evil 4 ya mu 2005 imafewetsa adani ikaona kuti ukufa pafupipafupi. Musanaloze chala kompyuta, yambani mwaonanso chigoli chija.

Kuvuta kwachitatu ndi kumene kumandisowetsa tulo. Magemu ambiri a pa foni mumawatsitsa ulere, koma opanga ake si amishoni. Amadya pa zotsatsa malonda ndi pa zogulagula za m'kati mwa gemu. Candy Crush Saga, imene inatuluka mu 2012, imakupatsani miyoyo 5. Ikatha, mudikire mphindi 30 kuti ubwerere umodzi, apo ayi mulipire. Taonani nthawi imene chikwangwani chogulitsa chimatulukira: ndi pamene mwalephera mutangotsala pang'ono, mtima uli m'mwamba. Khobidi la m'makina akale lija silinafe, langosamukira m'foni. Chizindikiro cha kuvuta kotereku n'chosavuta kuchiona. Mukadzifunsa kuti "chandipha n'chiyani?" yankho silikhala m'zala zanu, limakhala m'sitolo ya gemuyo. Pamenepo tsekani, mudikire miyoyo yaulere, kapena ifufuteni. Ndalama ya mayunitsi, ya bandulo kapena ya pa foni ya makolo isapite kukagula nsapato za munthu wa pa sikirini inu mukuyenda chapansi.

Ndipo pali kandege. Anyamata ambiri amene anayambira pa magemu a mpira atsetserekera ku kandege kameneka, kotchedwa Aviator, poganiza kuti nakonso ndi gemu yofuna luso. Ayi ndithu. Imeneyo ndi juga. Opanga ake amanena okha kuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi amabetcha, imabwerera kwa iwo ndi K97. Ndiye kuti mukamasewera nthawi yaitali m'pamenenso mukutsimikiza kuluza. Palibe chizindikiro cha phewa choti muchiwerenge, palibe dzenje loti mulitseke ulendo wotsatira. Kandege kakathawa msanga kasanu, sikuti kachisanu ndi chimodzi kali ndi ngongole nanu. Ogulitsa "njira yowinira" pa WhatsApp akanakhala nayo njirayo sakanafuna ndalama yanu. Kupirira kumene kumakupindulitsani pa FIFA ndi komweko kumene kumakusaukitsani pa kandege, chifukwa kumeneko "ndibwereze" ndiye msampha weniweniwo. Wakabaza wopalasa tsiku lonse kapena mnyamata wophwanya miyala ku Njuli akhoza kutaya thukuta la sabata m'mphindi zochepa pofuna kubweza zimene waluza. Lamulo la dziko lino sililola munthu wosakwana zaka 18 kubetcha, ndipo bungwe la MAGLA ndi limene limayang'anira zimenezi. Koma ngakhale mutakwana zaka, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kusiya gemu si uchitsiru kapena mantha. Dong Nguyen wa ku Vietnam anapanga Flappy Bird, kagemu ka kambalame kodutsa pakati pa mipope, kovuta mokwiyitsa. Kanatchuka dziko lonse, ndipo iye mwini anauza atolankhani kuti kankamubweretsera madola pafupifupi 50,000 pa tsiku. Mu Febuluwale 2014 anakachotsa pamsika yekha, ponena kuti anthu akodwa nako. Ngati mwini wake anatha kusiya chuma chotero, inu simungalephere kufufuta gemu imene yasanduka bwana wanu. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuti kukodwa ndi magemu ndi matenda. Silinanene kuti aliyense wosewera ndi wodwala. Zizindikiro zake ndi zitatu: kulephera kudziletsa, kuika gemu patsogolo pa zina zonse za moyo, ndi kupitiriza ngakhale ukuona kuti zikukuwononga, ndipo zimenezi zikhale zikuchitika kwa miyezi 12 kapena kuposerapo. Mukaona kuti mwayamba kujomba kusukulu, kunama za ndalama, kukalipira makolo chifukwa akutumani gemu ili pakati, musadikire kuti chaka chikwane. Uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya malume, kaya aphunzitsi, kaya a kumpingo kapena kumzikiti, kapena pitani kuchipatala.

Kumbukiraninso kuti mbali inayo kuli munthu. Amene wakumwetsani zigoli zisanu ndi mnzanu wa m'kalasi, mwana wa a neba, mwina mlamu wanu wa mawa. Gemu imatha m'mphindi khumi, koma chitukwano chimene mwamuponyera chimagonera. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mukagonja mupatseni dzanja, mulipire ngati munapangana kuti wogonja alipira, ndipo musayambe kufufuza zifukwa pagulu. Mukapambana musavine pamutu pa mnzanu. Mtsikana akakugonjetsani, wakugonjetsani basi. Padi sidziwa kuti yagwiridwa ndi ndani.

Ndikudziwa kuti ena mwa makolo anu amati zonsezi n'kutaya nthawi. Ine ndikuti zili kwa inu kuwatsutsa kapena kuwavomereza. Munthu amene waphunzira kufa kambirimbiri pa levulo imodzi osataya mtima, n'kumafufuza chomupha mpaka kuchipeza, ali ndi chida chimene ambiri alibe. Pepala la masamu likabwera ndi zofiira zokhazokha, musalipinde n'kuliponya m'chikwama mukunena kuti aphunzitsi amadana nanu. Litambasuleni, mupeze mzere umene munasochererapo. Mukalephera JCE kapena MSCE, mukakanidwa malo ku koleji ya ku Nguludi kapena ku koleji ina, mbewu zikakanika m'kamunda kathu kochepaka, funso ndi lomwe lija, ndipo mayankho ake ndi atatu omwe aja. Ngati vuto lili m'manja mwanu, likonzeni mubwereze. Ngati lili kunja kwa mphamvu zanu, musadzizunze nalo. Ngati pali wina amene akudyerera pa kugonja kwanu, chokanipo.

Pomaliza ndikusiyireni ntchito. Tsiku lina mudzapeza mng'ono wanu akulira pa levulo imene inu munaidutsa kalekale. Musamulande foni kuti mumudutsire, chifukwa mukatero mwamubera phunziro ndi chimwemwe chomwe. Khalani naye pambali, mumusiye afe kamodzinso inu mukuona, kenaka mumufunse kuti, "Chakupha n'chiyani?" Akati sakudziwa, muuzeni abwereze, ndipo ulendo uno ayang'ane mdaniyo m'malo moyang'ana munthu wake. Mudikire mpaka ayankhe yekha.